Minda ya Mfumu pa Phiri la Bwererani

Mu ufumu wa Tavomera munalibe munthu wosemphana maganizo ndi mfumu. Sikuti anthu ake analibe maganizo, ayi. Anali nawo ambiri, koma ankawasunga kunyumba pamodzi ndi mbale za alendo. Mfumu yake inali Sindilakwa Wachinayi, ndipo ikalankhula, bwalo lonse linkaomba m'manja n'kuyankha kuti "Tavomera," kenaka aliyense ankakafunsa mnzake kuseri kuti kodi tavomera chiyani. Woiwala n'kufunsa funsoli pagulu ankapita kundende ya Kaganizeni, komwe anthu ankalowa ali ndi mafunso n'kutuluka ali ndi nsabwe.

Kumpoto kwa likulu la Mpandowanga kunali phiri la Bwererani, lalitali, lozizira, la miyala ndi nkhungu zokhazokha. Kumeneko sikunkakhala munthu. Kunkangopita ofula uchi, ocheka matabwa mozemba, ndi mayi wina wa m'mudzi wa Tidyenji, dzina lake Nazimbiri, amene ankamweta udzu wa kumtunda n'kumamanga matsache. Matsache ake ankawagula ngakhale kunyumba yachifumu, poti kumeneko ankasesa katatu patsiku, ngakhale kuti zonyansa zenizeni za kumeneko tsache silinkazifikira.

Chaka chimenecho chinali chachiwiri mvula ikudula msanga. Nkhokwe zinali zitasanduka zogona nkhuku. M'nyumba zambiri munangotsala mbewu, ndipo amayi ankayang'anira mbewuyo kuposa mmene ankayang'anira ana, chifukwa mwana akasowa amabwera yekha madzulo. Mitambo inali itayamba kusonkhana. Anthu ankadikira mvula, mfumu inkadikira munthu woti aipezere chonena.

Chonenacho chinapezeka ndi tsache la Nazimbiri. Tsiku limene anakatula matsache atsopano, antchito anaganiza zowayesera m'chipinda cha mapepala akale, chimene chinali chisanasesedwe chimwalilireni Sindilakwa Wachiwiri. Kuseri kwa kabati anakokako chitini chachitali chadzimbiri, ndipo m'kati mwake munali chipepala chachikulu chokulungidwa. Msungi wa mapepalawo, a Zakeyu, anachinyamula ndi manja awiri n'kukachiyala pabwalo pamaso pa mfumu. Nazimbiri anali atagwada cha kumapeto, akudikira kuti amubwezere chingwe chimene anamangira matsache, ndiye anaona zonse.

Anali mapu akale a phiri la Bwererani. Pepala lonse linali lodzaza timizere tofiirira, tokhotakhota, tozungulira phiri kuyambira pansi mpaka pansonga. Pena tinali totalikirana, pena tothithikana kwakuti singano sikanalowa pakati. Mfumu inayang'ana, nduna zinayang'ana mfumu, chifukwa panalibe amene ankadziwa kuti mfumu ikuona chiyani.

Woyamba kulimba mtima anali a Dzoole, Nduna ya Zokolola Zam'tsogolo. Unduna wa zokolola za chaka chomwecho unali utatsekedwa kalekale posowa ntchito. A Dzoole anavala mandala, anawerama, kenaka anagwira pamtima.

"Mwinidziko, amene ali ndi maso aone," anatero. "Uwu ndi munda. Taonani mizere yake, yopingasa bwinobwino monga amanenera alangizi. Phiri lonse, Mwinidziko. Agogo anu ankalima phiri lonse."

"Agogo anga?" inafunsa mfumu. Inali isanamvepo kuti agogo ake anagwirapo khasu, koma nkhaniyo inaikomera.

"Iwo amene. Ndipo apa pamene mizere yathithikana chonchi, ndiye pachonde penipeni. Sankafuna kutaya ngakhale kadanga. Timizere tobiriwirati ndi ngalande zothirira. Tinthu tansonga itatuti ndi nkhokwe, mukuona denga lake?"

Mfumu inaona denga. Nduna zonse zinaona denga, ndipo ina inati ikuonanso chitseko. Mfumu inatembenukira kwa a Zakeyu n'kuwafunsa ngati zinalidi choncho. A Zakeyu anali ndi zaka ziwiri zokha kuti apume pantchito, ndipo ankafuna kukapumira kwawo osati ku Kaganizeni.

"Ine, Mwinidziko, anandilemba ntchito yosunga mapu," anayankha. "Yowerenga sinali pakalata."

Nazimbiri anasuzumira ali chogwada. Mapu amenewo ankawadziwa. Bambo ake, malemu Gomile, ndiwo anasenzera katundu anthu oyeza malo amene anawajambula. Miyezi isanu ndi itatu anayenda m'phirimo ndi tcheni choyezera pamutu, mpaka pakati pa mutu tsitsi linaleka kumera. Nazimbiri ali wamng'ono, bambowo anamutengera pachulu, n'kuzunguliza luzi m'munsi, lina pakati, lina cha pamwamba, kenaka anamukweza mumtengo kuti ayang'ane pansi. "Ukuona, mwanawe? Pamene chulu chaima njo, maluzi ayandikana. Pamene chagona, atalikirana. Mapu aja akutero basi. Ukaona mizere yathithikana, usapiteko ndi mwana kumbuyo." Ndipo pamene a Dzoole anaika chala chawo ponena za chonde, Nazimbiri anapazindikira. Panali pa phompho la Tsanzikani, pamene ngakhale anyani amadutsa mosinthana.

Mfumu inaimirira. Inanena kuti njala ya mu Tavomera si ya mvula ayi, ndi ya ulesi, chifukwa anthu anasiya minda ya makolo n'kumakanda m'chigwa ngati nkhuku. Inalamula kuti Loweruka banja lililonse lisenze mbewu yake yonse, osasiya ngakhale njere imodzi, n'kukaibzala pamunda wachifumu, pamene mizere yathithikana. Inati iyo yomwe ndiyo idzatsogolera.

"Tavomera," linatero bwalo. Nazimbiri nayenso anaomba m'manja, poti pakhomo panali msilikali amene ntchito yake inali kuwerenga manja. Chingwe chake anachiiwala komweko.

Pamsika wa Nong'onani nkhaniyo inafika iye asanafike. Anakhala pansi pafupi ndi a Bizaliyele, wosoka nsapato wa kwawo ku Tidyenji, amene ankalankhula ali ndi ulusi pakamwa kuti akafunsidwa azinena kuti sanamveke bwino.

"Tamva kuti tili ndi munda kumwamba," anatero a Bizaliyele. "Zabwino zake n'zakuti kumeneko kulibe nankafumbwe. Amafa ndi chibayo."

"Anyani ndiye adzatitumizira kalata yothokoza," anatero mayi wina wogulitsa tomato, akuyang'ana kumbali ngati akulankhula ndi tomato.

Nazimbiri sanaseke. "Bambo Bizaliyele, paja ndi pamwala. Ndimadutsa m'munsi mwake sabata iliyonse. Tikataya mbewu pamenepo, chaka chamawa tidya chiyani? Wina akaiuze mfumu kuti yalakwitsa."

A Bizaliyele analavula ulusi, chizindikiro chakuti akufuna kumveka. "Mayi, zaka makumi atatu ndakhala ndikusoka nsapato za akuluakulu. Sindinauzepo bwana kuti nsapato yake ndi yaing'ono. Ndimangomupempha kuti ayendeko pang'ono. Mfumu siuzidwa, imathandizidwa kuti ione yokha."

"Nanga ikaona mbewu itatayika kale?"

"Apo ndiye tidzavomera," anatero, n'kubwezera ulusi pakamwa.

Loweruka m'mawa Nazimbiri anakwera pampando n'kutsitsa mbewu yake kudenga la khitchini, kumene inkakhala muutsi. Chinali chimanga cha makolo, cha njere zamawangamawanga, chimene amayi ake analandira kwa amayi awo. Zaka ziwiri za njala sanachikhudze. Tsiku lina anagona ndi madzi ofunda okha chimangacho chikumuyang'ana kudenga. Sabata imeneyo anayenera kukhala akunola khasu, kuti mvula ikangogwa akabzale phando loyamba m'munda mwake, poti mwambo wa mu Tavomera unali wakuti palibe amene amaponya mbewu m'munda mwini wake asanabzale phando loyamba. Ankati wophwanya mwambowo amatupa miyendo. M'malo mwake anatonola chimangacho, anachithira m'dengu, anavindikira ndi pepala la pulasitiki n'kusenza. Mtima unamuwawa kwambiri, ndipo anatukwana chapansipansi njira yonse mpaka patsinde pa phiri.

Kumeneko kunali khamu. Midzi yonse ya m'chigwa inali itafika, aliyense ndi dengu kapena thumba lake. Galimoto ya mfumu inafika pamene msewu unathera, ndipo poti mfumu siponda fumbi la anthu wamba, anatsitsa sofa wachifumu n'kumumangirira pamitengo iwiri. Amuna asanu ndi atatu anamusenza, mfumu ili pamwamba, ambulera pamwamba pa mfumu. A Dzoole anabwera atavala suti yakuda ndi nsapato zosongoka, ndipo a Bizaliyele ankayenda pambuyo pawo penipeni, maso ali pazidendene, monga amachitira galu kwa mwana wonyamula fupa.

Poyamba ulendo unali wa nyimbo. Anthu a ng'oma anali patsogolo, kwaya ya amayi a ku likulu ikuimba za munda wa agogo wosaona chilala. Atakwera ola limodzi kwaya inatsala ndi ndime yoyamba yokha. Atakwera maola awiri inatsala ndi kupuma. Ng'oma yaikulu inapulumuka m'manja mwa mwini wake n'kugubuduka kutsetsereka, ndipo anthu anaimva ikudziimba yokha mpaka kuchigwa, ambiri akuisirira.

"A Dzoole, mizere ija ili kuti?" inafunsa mfumu ili pasofa, amene tsopano anali atapendekeka kotero kuti inkaona mitambo yokha.

"Tchire laikwirira, Mwinidziko. Ndi ulesi womwe munanena uja."

Pachitunda china anapeza kachipilala ka simenti kofika m'mawondo, kamene oyeza malo ankaimikapo makina awo. Nazimbiri anakasisita podutsa, chifukwa simenti yake anaisenza ndi bambo ake. A Zakeyu anatambasula mapu, ndipo kunapezeka kuti pamalo pomwepo ndi pamene panali kanthu kansonga itatu kaja. Mfumu inafunsa kuti nanga nkhokwe ili kuti. A Dzoole anapukuta thukuta, anakazungulira kachipilalako kawiri.

"Uwu ndi mwendo umodzi wokha, Mwinidziko. Tangoganizani nkhokwe yake."

Mfumu inaganiza, ndipo inakhutira. A Bizaliyele ananong'oneza Nazimbiri kuti nkhokwe zoganizira n'zabwino chifukwa makoswe sazipeza.

Dzuwa lili paliwombo anafika pa Tsanzikani. Njira inathera pakamalo kopapatiza. Kutsogolo kunali khoma la mwala wakuda, losalala, lonyowa, loima njo mpaka kulowa mumtambo. Kumanzere kunali phompho, ndipo pansi pake akhungubwe ankauluka akuoneka misana. Onyamula sofa anamutula mosamala, n'kukhala pansi. Panalibe dothi ngakhale lodzaza chikho.

A Dzoole anayang'ana mapu, anayang'ana khoma, anayang'ananso mapu. Munthu wina akanachita manyazi, koma iwo anali nduna. Anakonza tayi n'kukweza mawu.

"Anthu a Tavomera, tafika pachonde. Masulani mbewu. Amene angakwere akwere. Amene sangakwere aponye m'mwamba, mbewu yabwino imapeza yokha phando."

Asilikali anayamba kuyenda pakati pa anthu. Nazimbiri anamva matumba akumasulidwa, mkokomo wa njere zikukhudzana. Pafupi naye bambo wina wokalamba anatapa dzanja limodzi n'kumaliyang'ana, misozi ikulengeza. Zikanangoponyedwa, mphepo ikanazitengera kuphompho, ndipo m'chigwa monse simukanatsala chobzala. Mantha anamugwira Nazimbiri, koma a njala anaposa a ndende. Anatula dengu, anayenda chogwada mpaka pafupi ndi sofa, n'kuomba m'manja katatu.

"Mwinidziko, ife ana anu takonzeka. Mbewu ili m'manja. Tikungodikira phando la mwini munda."

Kenaka kumbuyo kunamveka a Bizaliyele, opanda ulusi pakamwa: "Zoona. Ife kutupa miyendo ayi. Mwini munda ayambe." Mayi wa tomato uja anabwereza, ena anabwereza, mpaka khamu lonse linkaomba m'manja mwaulemu waukulu, likupempha kuti mwini munda ayambe. Asilikali nawo anaima, chifukwa msilikali wotupa miyendo amuchotsa ntchito.

Mfumu inayang'ana a Dzoole. A Dzoole anayang'ana nsapato zawo, zimene zinali zitayasama. Kukana kubzala kunali kunena kuti mundawo si wake, ndipo mfumu inali itauza dziko lonse kuti ndi wa agogo ake. Inatsika pasofa. Wina anaipatsa khasu, ndipo inaligwira cha kumutu mpaka a Zakeyu anaitembenuzira. Inayenda mpaka pakhoma, inasankha malo, inakweza khasu n'kutema ndi mphamvu zonse za ufumu. Mwala unathetheka moto. Khasu linadumpha n'kulira ngati belu la sukulu, ndipo kunjenjemera kwake kunadutsa m'manja mwa mfumu mpaka m'mano.

"Pamwamba pang'ono, Mwinidziko," anatero a Dzoole ndi mawu aang'ono. "Mizere yeniyeni ili pamwamba."

Mfumu inayesadi. Tisainamizire, inayesa. Inaponda pakamng'alu, inakweza thupi, mimba inakumana ndi mwala, ndipo mwala sunasunthe. Inatsetsereka n'kukhala pansi, miyendo ili cha kuphompho. Apo ndi pamene inayang'ana pansi koyamba. Inaona misana ya akhungubwe aja, inaona chigwa chili kutali ngati mphasa, ndipo inabwerera chokhala mpaka msana unagunda sofa. Inakhala pamenepo nthawi ndithu ikupuma. Nazimbiri ankangoyang'ana pansi, akudziwa kuti mawu otsatira akhoza kukhala Kaganizeni.

Itaimirira, inalankhula modekha, ngati munthu amene wakhala akudziwa zimenezi chiyambire.

"Anthu anga, ndaugwira munda uwu ndi manja anga, ndipo wandiuza. Agogo anausiya dala kuti ugonere. Munda ukabala kwambiri umatopa. Ndani mwa inu akufuna kudzutsa munda wa agogo anga uli m'tulo? Ndikulamula kuti ugonere zaka zana limodzi."

"Tavomera!" linayankha khamu, ndipo phiri linabweza mawuwo katatu. Aka kanali koyamba m'mbiri ya dzikolo kuti anthu adziwe chimene avomera.

Anthu anayamba kumanga matumba. Koma nduna imene yachita manyazi pagulu ndi yoopsa kuposa njoka yopondedwa mchira. A Dzoole anakweza dzanja n'kukumbutsa mfumu kuti lamulo linati mbewuyo ndi ya munda wachifumu, ndipo lamulo la mfumu silibwerera. Choncho mbewu yonse ikasungidwe kunkhokwe ya kunyumba yachifumu mpaka mundawo utadzuka. Aliyense ankaidziwa nkhokwe imeneyo. Inali ndi khomo lolowera kutsogolo ndi makomo anayi otulukira kumbuyo. Mfumu inagwedeza mutu, itayamba kale kuvomereza.

Nazimbiri anali adakali chogwada. Anadziuza kuti walowa kale m'madzi, kunyowa sikungamuopsenso.

"Mwinidziko, mundilole ndione ukulu wa munda wa agogo anu. Ine wosaphunzira, ndingoona ndi chala."

Mfumu inalola, poti mawu akuti ukulu inkawakonda. A Zakeyu anayala mapu pasofa. Nazimbiri anaika chala pa Tsanzikani n'kuyamba kutsika nacho pang'onopang'ono. Mizere inayamba kutalikirana, kutalikirana, mpaka chala chinafika m'chigwa, pamene mzere umodzi wonenepa unkazungulira tsinde lonse la phiri n'kudutsa m'midzi.

"Taonani, Mwinidziko, mizere sinathere kuno. Uwu wadutsa pakati pa Tidyenji, kuseri kwa nyumba yanga. Kani munda wa agogo anu ndi waukulu chonchi? Ndiye kuti kumtunda kuno n'kumene kwagona, kumunsiku kuli maso. Ife takhala tikulima m'munda mwanu osadziwa."

Nkhope ya mfumu inawala. M'mawa inali ndi munda wa phiri, tsopano inali ndi phiri ndi chigwa chomwe. Inalamula kuti aliyense atsike ndi mbewu yake akabzale m'chigawo chake cha munda wachifumu, ndipo wochedwa adzayankha mlandu. A Zakeyu anafunsa mwaulemu za phando loyamba. Mfumu inati phando loyamba yabzala kale, nonse mwamva khasu likulira.

Pomwepo dontho loyamba linagwa pamapu, lina pamphuno ya mfumu. Fungo la mvula linakwera kuchokera kuchigwa. Nazimbiri anafuna kuimba, koma a Dzoole anali atawerama pamene panali chala chake, akupukuta mandala amene nkhungu inali itawaphimba.

"Dikirani. Pamzere uwu, pa Tidyenji pomwepa, palembedwa nambala. Sindikuiona bwino, koma tanthauzo lake n'lodziwikiratu. Ndi matumba amene agogo a mfumu ankakolola pamenepa. Amenewo ndiwo a Tidyenji adzabweretse kwa mwini munda pokolola. Tikaiwerenga Lolemba pabwalo."

Mvula inakhuthuka. Onyamula sofa anamukweza, ambulera inatembenuzika, nduna zinayamba kutsetsereka ndi matako. A Zakeyu anaima ndi mapu m'manja akusowa pobisa, chitini chija atachisiya kunyumba. Ataona dengu la Nazimbiri lili ndi pulasitiki, anamupempha kuti awasungire mpaka kumsewu, n'kuthamangira mfumu.

Potsika, Nazimbiri anapatukira kuphanga limene ankabisalamo akamamweta udzu. A Bizaliyele anamutsatira n'kuima pakhomo, msana kunja, ngati akungousa mvula. Nazimbiri anatambasula mapu pabondo. Nambalayo sanafunikire kuifunafuna. Inali 700, yolembedwa ndi inki yofiirira pambali pa kadontho ka mudzi wawo.

Ankaidziwa chiyambire ubwana. Bambo ake ankati mudzi wa Tidyenji uli mamita mazana asanu ndi awiri pamwamba pa nyanja yamchere, nyanja imene iwo sanaione mpaka imfa. Ndiwo anagwira ndodo yoyezera pansi pa mkuyu wa pabwalo, masiku atatu, oyezawo akubwereza mpaka atatsimikiza. Akaledzera ankaima pakhomo n'kumauza odutsa kuti nambala ya mudzi uno inatuluka m'manja mwawo. Sanasiye ng'ombe, sanasiye nyumba ya malata. Chimene anasiya padziko chinali chimenecho, ndipo chinali choona.

Koma mudzi wonse wa Tidyenji, chaka cha mvula yabwino, sunkafika matumba mazana atatu. Mbewu imene anaipulumutsa pamwala ikanamera, kukula, n'kupita yonse ku Mpandowanga, anthu n'kutsala ndi mlandu pamwamba.

"Bambo Bizaliyele, mukuona chiyani kunjako?" anafunsa.

"Mvula yokhayokha, mayi. Maso angawa akafika pamvula saonanso china."

Nazimbiri ananyowetsa chala chachikulu m'madzi odontha pamwala. Pepalalo linali lakale, lofewa ngati tsamba la fodya. Anatikita ziro womaliza, ndipo anachoka mosavuta. Wachiwiri anavutako pang'ono, ngati akukana, kenaka nayenso anapita. Panatsala 7 yekha ndi kabanga konga ka dontho la mvula. Misozi inamutuluka, ndipo sanaibise.

A Bizaliyele anasuzumira paphewa pake. "Mayi, mwatitsitsira kunyanja. Mawa ndiyamba kusoka maukonde."

Lolemba bwalo linadzaza. A Dzoole anavala mandala opukutidwa bwino, anawerama, anawerenga, anapukutanso mandala n'kuwerenganso. Analengeza ndi mawu ofooka kuti matumba ake ndi asanu ndi awiri. Mfumu inakhumudwa pang'ono, koma inapeza phunziro. Inati izi zikusonyeza kuti agogo ake anali odziletsa pakudya, ndipo inalamula kuti anthu onse atengere chitsanzo chimenecho, chinthu chimene anthu anali atayamba kale zaka ziwiri zapitazo. Mapu anawabwezera m'chitini n'kuikapo loko, kuti adzatsegulidwe munda wa kumtunda ukadzadzuka.

Nazimbiri sanapite kubwaloko. Zimenezi anazimva kwa mayi wa tomato, amene anamupeza m'munda, nthaka ili yonyowa bwino, dengu lili pambali. Mayiyo atapita, iye anaima n'kuyang'ana cha kumanda, kuseri kwa mkuyu.

"Bambo, pepani," anatero. "Inu munaima masiku atatu padzuwa kuti nambala ija ikhale yoona, ine ndaifufuta. Tsopano palibe pepala lodziwa pamene tili. Koma ine ndikudziwa, ndipo zidzukulu zanu ndidzaziuza zikadya."

Anatema phando, anaponyamo njere zitatu, anakwirira ndi phazi n'kupita pa lina.